Fungo pa Malaya a Chabota

Ine mphuno yanga sinama. Kapena ndinene kuti sinkanama, mpaka pamene mafuta a nzimbe anafika mu Livingstone muno.

Ndimachapa ndi kusita pa loji ina ya mumsewu wa Nakatindi, ndipo anzanga kumeneko amandidziwa bwino. Ndikangonyamula pilo ndimatha kunena kuti mlendo wa chipinda chimenecho amasuta, kapena amadzola mankhwala a udzudzu, kapena anagona atakumbatira botolo. Luso limeneli sindinapitire kusukulu ayi. Anandiphunzitsa ndi mwamuna wanga Chabota, kwaulere, zaka zonse zimene ankamwa kachasu m'tinjira ta ku Malota kwathu kuno.

Chabota akamwa sankamenya munthu kapena kutukwana. Bola akanamatukwana, bwenzi ndikudziwa pomuyambira. Iye ankangokhala waulemu mopitirira muyeso, kuyenda mosamala ngati wasenza mazira, kundipatsa moni kawiri. Ankatafuna masamba a gwafa, chingamu, ngakhale adyo, koma ine fungo lija ndinkalipeza pansi pa zonsezo. Tsiku lina anagwetsera minibasi ya abwana ake m'ngalande pafupi ndi msika wa Maramba. Palibe anavulala, koma ntchito inathera pomwepo, ndipo ine ndinabereka mwana wanga Lushomo n'kupita kwa amayi anga ku Mukuni.

Ndinabwerera atasiya mowa, akuluakulu a mbali zonse ziwiri atakhala pansi. Pamaso pawo ndinanena chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinachinena mokweza kuti wina asadzati sanamve: tsiku limene ndidzamve fungo la mowa pa iye ndidzapita, ndipo sipadzakhalanso zokambirana.

Kuyambira pamenepo tinali ndi kamwambo kathu ka pakhomo. Akabwera madzulo ndinkaima pachitseko, iye n'kuwerama, n'kundipumira kumaso.

"Ba ofisala, nipite?" ankatero.

"Pitani, ba dalaivala."

Tinkaseka, koma tonse tinkadziwa kuti si nthabwala. Ine ndikamva fungo la thukuta ndi fumbi basi, mtima unkakhala pansi, n'kupita kukapakula. Tinakhala choncho zaka ziwiri ndi kanthu, ndipo zinali zaka zabwino.

Ntchito yokhazikika ndiyo inavuta. Ndani angapereke makiyi kwa munthu amene tauni yonse inaona minibasi yake itagona chammbali? Ankangomata matayala pansi pa mtengo. Kenako bungwe la madalaivala a takisi linalandira galimoto zatsopano zimene anthu amazitcha mafulekisi, chifukwa zimamwa petulo, zimamwanso ethanolo, mafuta otchezedwa kuchokera ku nzimbe. Bungwelo linalamula kuti galimotozo ziziyendera ethanolo, poti ndi wotsika mtengo ndipo n'chimene anazibweretsera. Amene anamuyankhulira Chabota kwa a komiti ndi Mufalo, mnzake wa kuyambira ku pulayimale, munthu wamtali wa mawu ngati ng'oma. Anawauza kuti, "Uyu akamwa, mupoke na motoka yanga."

Tsiku loyamba la ntchito ndinapha nkhuku. Lushomo, amene panthawiyo anali atayamba sukulu, anakhala pampanda kudikira galimoto ya bambo ake. Inafika yoyera mbee, Chabota n'kutsika atavala malaya amene ndinamusitira m'mawa, akumwetulira mpaka m'makutu. Asanafike n'komwe pachitseko, fungo lija linali litafika kale.

Ndinalowa kuchipinda, n'kutsitsa chikwama, n'kuyamba kuponyamo zovala za mwana.

"Bina Lushomo, ni chani?" Amanditchula choncho, m'Chitonga cha makolo ake, kutanthauza kuti mayi wa Lushomo.

"Siku yoyamba, ba Chabota? Simunalindileko olo wiki?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anandigwira dzanja, kupita nane panja, n'kutsegula chivindikiro cha thanki.

"Nunkhizani apa."

Ndinawerama. Linali lomwe lija. Pamwamba panali kafungo ka petulo, amene akuti amasakanizamo kuti anthu asamwe, koma pansi pake panali kachasu weniweni, wotsekemera, woluma m'mphuno. Thanki yonse, yodzaza mpaka pakhosi. Ndinapepesa ndi pakamwa, tinadya nkhuku yathu. Koma zovala zija sindinazitulutse m'chikwama. Ndinangochikankhira pamwamba pa wadulopu.

Kamwambo kathu kanafera pamenepo. Iye ankaweramabe n'kundipumira kumaso, koma ine ndikanamva chiyani? Fungo linali pa malaya, m'manja, m'tsitsi, pa mpando umene wakhala. Limachokera ku thanki kapena kukhosi? Mphuno yanga, imene ndinkaidalira kuposa lumbiro lililonse la mwamuna, inangoti kakasi. Ndinkati "Pitani," koma mawuwo ankatuluka ouma, ndipo posakhalitsa iye anasiya kufunsa.

Musaganize kuti ndinakhala manja lende. Ndinayamba kumuyesa m'njira zina. Ndinkadzaza kapu ya madzi mpaka pakamwa n'kumuuza kuti akapatse mwana, ine ndikuyang'ana ngati atayike. Ndinkamupatsa singano kuti andilowetsere ulusi, ati maso anga atopa. Ndinkamufunsa funso m'mawa, n'kulibwereza madzulo kuti ndione ngati yankho lisinthe. Madzi sankatayika. Ulusi unkalowa. Koma kodi kale ulusi sunkalowa? Munthu uja anayendetsa minibasi yodzaza anthu miyezi yambirimbiri ali chiledzerere, abwana ake osadziwa kanthu.

Kuntchito ndinawotcha malaya a mlendo ndi simbi, ine amene ndinali ndisanawotchepo ngakhale kansalu ka m'manja. Ndinkaika nsalu m'makina n'kuiwala sopo. Galimoto yoyera ikadutsa mumsewu ndinkathamangira pawindo. Kutchalitchi ndinkaimirira nyimbo isanayambe, n'kukhala pansi anthu onse ataima.

Nthawi imeneyo mapampu a ethanolo ankangochuluka. Poyamba inali imodzi, pafupi ndi kuntchito kwanga. Kenako ina mumsewu wopita ku mathithi, ina ku Dambwa, ina kumsika. Pa wailesi ankakamba za mafuta olimidwa kwathu konkuno, utsi wochepa, ntchito kwa achinyamata. Sindikutsutsa, zonsezo n'zoona. Madalaivala ankakondwa, okwera ankakondwa, ngakhale abusa athu anasintha galimoto. Tauni yonse inayamba kununkha ngati kuseri kwa nyumba ya mayi wotcheza, ndipo palibe amene anaganiza zodzafunsa mkazi wa munthu amene anasiya mowa kuti zikumuyendera bwanji.

Chabota nayenso anasintha, ndipo ndicho chinandisowetsa mtendere kwambiri. Anayamba kuonda. Ankasiya chakudya m'mbale n'kukazungulira pabwalo, kusesa malo osesa kale, kutsuka galimoto yotsuka kale. M'matumba mwake ndinkapeza timapepala ta maswiti, tambirimbiri. Munthu wamkulu, bambo wa mwana, maswiti a chiyani? Ndinkadziwa bwino chimene anthu amabisa ndi maswiti.

Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro ndinapita ku pampu yoyamba ija. Amene amathira mafuta pamenepo ndi Kasuba, mtsikana wa ku Malota komweko, wa pakamwa posatseka. Ndinanamizira kuti ndikudikira basi.

"Ba Norah, bamuna banu ni ba bwana maningi," anatero, ndisanamufunse n'komwe. "Banzawo bonse bamaimilila pano, tiseka, bayangana mita. Beve awe. Bapaka motoka, banipasa makiyi, bayenda kumbuyo kwa chipupa. Nikasiliza nimachita kuliza hutala."

"Kumbuyo kwa chipupa kuli chani?"

"Ine niziba? Kuli che ka njila."

Kanjira kameneko ndimakadziwa. Kamadutsa pakati pa mipanda iwiri ya waya n'kukatulukira pa tinyumba tina pomwe amagulitsa zija za m'timabotolo ting'onoting'ono. Ndinabwerera kuntchito, ndipo masana onse sindinamve chimene anzanga ankandiuza.

Sabata yomweyo Mufalo anandipeza pageti la loji ndikuweruka. Sanatsike m'galimoto, anangotsitsa galasi.

"Ba mulamu, bamuna banu banichititsa nsoni. Bakana paipi."

Kuti mumvetse kukula kwa mlanduwu, muyenera kudziwa mmene madalaivala a pa renki amakhalira. Aliyense amayenda ndi payipi ndi kachigubu mu buti. Mnzako mafuta akamuthera panjira, woyamba kumupeza amaima, ngakhale atanyamula mzungu wothamangira ndege. Ndipo amene amayamwa payipi kuti mafuta ayambe kutuluka ndi mwini thanki, osati wopemphayo. Kulowetsa payipi mu thanki ya mnzako kuli ngati kupisa dzanja m'thumba mwake. Mwiniwake akagwada n'kuyamwa yekha, ndiye kuti wapereka ndi mtima wonse. Galimoto zatsopanozi zinabwera ndi kasefa pakhosi pa thanki kotchinga payipi, koma makaniko wa pa renki anakachotsa m'galimoto zonse sabata yoyamba yomwe. Anachita bwino, poti ethanolo amatha msanga kuposa petulo, ndipo anthu amene anazolowera kuyenda muvi wa mafuta uli pansi ankangofera m'misewu ya kunja kwa tauni, kumene kulibe pampu iliyonse. Payipi inali isanagwirepo ntchito chonchi.

"Si kamozi iyayi," Mufalo anapitiriza. "Aona munzake waimilila, ayangana kumbali, apita. Ba komiti bakamba ati akachita futi, bamupoka makiyi. Ine nine ninamukambila, manje bantu baniseka."

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Funso limeneli ndinali ndisanafunsepo munthu wakunja, ndipo linandiwawa potuluka.

"Ba Mufalo, niuzeni zoona. Bayambanso kumwa?"

Anakweza mapewa. "Ine nizaziba bwanji, mulamu? Tonse pa renki tinunkha chimozimozi."

Popita kunyumba ndinaziphatikiza zonse. Munthu wothawira kuseri kwa chipupa. Munthu wotafuna maswiti. Munthu amene safuna kuyandikira anzake nkhope ndi nkhope, pamene kale ankaima ngakhale kwa mdani. Ndinalibe umboni, n'zoona. Koma ndinazindikiranso kuti umboni sindidzaupeza, lero kapena chaka chamawa, ndipo moyo wanga wonse udzakhala wa makapu a madzi ndi singano. Ndinali nditatopa. Ndinkamukonda Chabota, ndinenetse, koma kukhala osadziwa kunkandidya kuposa mmene mowa wake unandidyera.

Lachisanu ndinatumiza Lushomo kwa agogo ake ku Mukuni ndi mng'ono wanga. Lamlungu, titabwera kutchalitchi, ndinatsitsa chikwama chija n'kuwonjezeramo zanga.

"Nipelekeni ku Mukuni," ndinatero.

Anayang'ana chikwama, kenako ine. "Mwamva fungo?"

"Nimvela masiku yonse. Ndiye vuto yake."

"Sininamwe, bina Lushomo."

"Na kudala munali kukamba so."

Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena agwada, kapena aitana akuluakulu. Iye anangonyamula chikwama n'kukachiika mu buti, pambali pa payipi yake yokulungidwa bwino. Zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa china chilichonse. Munthu wosalakwa anganyamule yekha chikwama cha mkazi wake?

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ukaponda phula nsapato imamata. Tinadutsa m'tauni. Ine ndinkatsegula galasi, mphepo yotentha n'kundimenya, n'kutseka, fungo n'kundikwana, n'kutsegulanso. Anyani anali atakhala m'mphepete mwa msewu wa ku mathithi, osatiyang'ana n'komwe. Titakhotera msewu wa ku Mukuni n'kuyamba kukwera pakati pa mitengo youma, tinaona galimoto yoyera itaima patsogolo, zitseko zonse zili pululu. Amayi awiri anali atakhala pamthunzi wa kamtengo kopanda masamba, mmodzi akukupiza khanda ndi chitenje. Bambo wina wokalamba anali atakumbatira thumba la mvuu zosema. Pakati pa msewu panaima Mufalo, kachigubu m'manja.

Ndinamva phazi la Chabota likuzengereza. Galimoto inachedwa, inathamanga pang'ono, inachedwanso. Mufalo sanakweze dzanja kuti tiime. Anangoima pomwepo, kumuyang'ana mnzake kudzera pagalasi.

Tinaima.

"Boyi," anatero Mufalo, "ni ine."

Chabota anatsika. Anatsegula buti, kusuntha chikwama changa, kutulutsa payipi. Zonsezi ankachita pang'onopang'ono moti ine ndinatsika kuti ndione chimene chikumuchedwetsa. Anatsegula thanki, fungo lija n'kutuluka lamphamvu chifukwa cha kutentha. Analowetsa payipi, n'kugwada pamchenga, Mufalo n'kuika kachigubu pambali pake.

Kenako palibe chinachitika. Chabota anagwira nsonga ya payipi patsogolo pa nkhope yake, osaiyandikizitsa. Thukuta linkatsika m'khosi mwake mpaka malaya kumamatira kumsana. Anainyamula pang'ono, n'kuitsitsa. Anameza malovu. Anainyamulanso, n'kuitsitsanso.

"Fasiti boyi, mwana apya na zuba," anatero Mufalo.

"Nili kubwela," anayankha Chabota, mawu ake ang'onoang'ono ngati a Lushomo.

Ine zidakwa ndimazidziwa. Ndinakulira pakati pawo, ndinakwatiwa ndi mmodzi. Ndinaona anthu ku Malota akunyambita chivindikiro cha botolo, ena akusefa sipiliti wa m'chipatala pa buledi. Munthu amene akumwa mobisa, mutamupatsa payipi yotere dzuwa likuswa mtengo, ndi chifukwa chabwino chonchi, pamaso pa mkazi wake amene sangathe kumutsutsa, angayamwe msanga n'kuchedwa kulavula. Sangagwade pamenepo milomo atailuma, mutu ataubweza m'mbuyo ngati mwana amene akumumwetsa mankhwala owawa. Chimene ndinaona pankhope ya mwamuna wanga chinali mantha, ndipo mantha otero sangakhale ndi munthu amene analawa dzulo.

Anatseka maso n'kuyamba kubweretsa payipi kukamwa.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangopezeka ndamulanda payipi ija.

"Ah ah, mulamu!" anakuwa Mufalo. "Ni mwine wa tanki amayamwa!"

"Nanga ine ndine ndani? Uyu na vonse vake ni vanga. Gwilani chigubu."

Amayi aja anaimirira kuti aone bwino. Ndinakwinya chitenje, kugwada pamchenga wotentha pambali pa Chabota, n'kuika payipi pakamwa. Palibe anali atandiuzapo kuti umayamwa pang'ono n'kuchotsa msanga. Ine ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, ngati ndikumwa maheu olimba ndi kaudzu.

Mafuta anabwera onse nthawi imodzi. Anadzaza m'kamwa, kukwera m'mphuno, ena n'kutsikira pa bulauzi yanga ya kutchalitchi. Mufalo anandilanda payipi n'kuiloza m'chigubu, ine n'kugwa chammbali, kulavula, kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Mmodzi wa amayi aja anathamanga ndi botolo la madzi akuti, "Musameze, mayo, musameze!" Sindinameze. Ndinachukucha m'kamwa mpaka madzi anatha.

Ine pakamwa panga panali pasanalowepo mowa chibadwire. Petulo uja anali woipa, wonyansa, ndipo anachoka ndi madzi. Koma atachoka, kunatsala kena. Kutentha kwina kofewa kunayenda m'nkhama, pansi pa lilime, mpaka kukhosi, ndipo kunali ndi kukoma kwake. Ndinachita manyazi kukumva. Ndinaganiza za munthu amene thupi lake lonse limakudziwa kukoma kumeneko, atakhala pamwamba pa thanki yodzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, magalasi otseka chifukwa okwera akufuna mpweya wozizira.

Mufalo anathira mafuta m'galimoto yake, inalira. Anabwera kudzaima patsogolo pathu, akukanda m'mutu. Anayang'ana Chabota, amene anali adakagwada pomwe paja, ndipo ndinaona kuti nayenso wamvetsa.

"Boyi, sunakambe bwanji?" anatero motsitsa. Mufalo anamugwira paphewa, n'kutembenukira kwa ine. "Ba mulamu, ba komiti nizakamba nabo ine." Anakweza anthu ake n'kupita, bambo wa mvuu zosema uja akundiyang'anabe pawindo mpaka anakhota.

Tinatsala awiri. Chabota anakulunga payipi, kutseka thanki, n'kukalowa m'galimoto. Ine ndinakhala pambali pake, zitseko zili zotsegula. Kunali zii, kupatula nyenje zimene zinkalira m'mitengo.

"Kumbuyo kwa chipupa, pa pampu paja, mumachita chani?" ndinafunsa.

"Nimaimilila che."

"Kuimilila?"

"Nimagwila waya ya mpanda. Kuja fungo sifika maningi. Nimagwila mpaka Kasuba alize hutala." Anatambasula manja ake pa chiwongolero, ndipo m'zikhatho munali timizere takuda, tina tatsopano. Manja amenewo ndinkawayang'ana tsiku lililonse ngati akunjenjemera, koma ndinali ndisanawatembenuzepo.

"Na maswiti?"

"Mukamwa mukankhala chintu, vimachepako."

Ndinafuna kuti alekere pomwepo. Ndinali nditapeza chimene ndinkafuna, mwamuna wanga sanamwe, ndipo mtima wanga unali utayamba kale kuthamangira kunyumba. Koma iye anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo anasiya ulemu wonse umene timapatsana.

"Norah, sininamwe. Bati nimafuna. M'mamawa nikaliza motoka, nimafuna. Muzuba nimafuna. Apa pamene nagwada paja, sininali kuyopa ati izaniipila mukamwa. Ninali kuyopa ati sinizalavula."

Ndinamva kuzizira, dzuwa lonse lija.

"Nanga osaniuza?"

"Unakamba pamenso pa bantu ati ukamva che fungo, wayenda. Fungo che. Manje nikakuuza ati nifuna?" Anapukuta kumaso ndi mkono. "Nchito nayo ni yamene iyi, palibenso wina anganipase makiyi. So nimankhala che zii, nagwila waya."

Miyezi yonse ija munthu ankamenya nkhondo tsiku ndi tsiku, yekhayekha, ndipo akafika kunyumba ankapeza ine nditaima pachitseko ndi kapu ya madzi. Ndinamva chisoni, ndinamvanso mantha aakulu kuposa amene ndinabwera nawo, chifukwa tsopano ndinadziwa kuti chinthu chija sichinathe ndipo mwina sichidzatha. Mawa m'mawa adzalizanso galimoto yomweyi.

Kutsogolo kwathu msewu unkakwera kupita kwa amayi anga. Chabota anatseka chitseko chake n'kugwira makiyi.

"Tipitilize?"

"Tikatenge mwana," ndinatero. "Mailo ni Mande, ali na sukulu."

Anagwedeza mutu kangapo, osandiyang'ana. Anayesa kulowetsa kiyi, koma inkangogunda m'mbali. Anayesanso, n'kuisiya igwere pamwendo.

"Lindila pang'ono," anatero. "Sininakwanise."

"Palibe kwamene tithamangila."

Ndinatseka chitseko changa, ndinatenga dzanja lake lija la timizere n'kuliika pamwendo panga. M'kamwa mwanga munali mukuyakabe. Tinakhala pamenepo m'mphepete mwa msewu mpaka linasiya kunjenjemera.